Wowerenga Miyezi ya Anzake

Mlamu wanga Nedson Kalekeni anali munthu wopemphera moti ngakhale chimanga chootcha ankayamba wachitsinzinira. Ukamugawira nzimbe panjira, ankavula chipewa n'kuyamika Mulungu chifukwa cha mvula, dothi ndi manja amene anaidzala, iwe uli chiimire ndi mpeni m'manja. Ine ndine Redson, mlongo wake wa Zelesi amene Nedson anadzamukwatira. Ndinkamutcha Abusa Opanda Kolala, ndipo iye ankangomwetulira chifukwa pansi pa mtima dzinalo ankalikonda.

Kutchalitchi kwathu ku Wimbe anamusankha kukhala mtumiki asanakwatire n'komwe. Ntchito ya mtumiki ndi kusesa, kuyala mabenchi ndi kuyendetsa mbale ya chopereka, koma Nedson anadzipezera inanso. Anakagula kope kuboma ku Kasungu n'kumalembamo tsiku la ukwati uliwonse wodalitsidwa m'tchalitchimo. Mwana woyamba akabadwa m'banjamo, iye ankatsegula kope lija n'kuyamba kupinda zala, kuwerenga miyezi. Zala zikakwana zisanu ndi zinayi, ankapita kukaona mwana atanyamula sopo. Zikaperewera, ankapita kwa a Lazaro, mkulu wa mpingo, atanyamula kope.

Lamulolo sanalipange iye, linalipo kale. Mwana akafulumira ndiye kuti makolo ake anafulumira, choncho onse awiri ankadulidwa. Chaka chathunthu osadya mgonero, mwana osabatizidwa, ndipo malo awo inali benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo. Inali benchi yokhayo imene mwamuna ndi mkazi ankakhala pamodzi, poti a Lazaro ankati amenewo anazolowera kale kuyandikana. Kungoti kale akulu a mpingo ankaiwalaiwala masiku, ena mwadala. Chibwerere kope la Nedson, kuiwala kunatha.

Oyamba kugwa m'kopemo anali Jeremiya, mmisiri wa matabwa, ndi mkazi wake Lusiya. Jeremiya anaima pamaso pa akulu n'kuvomera tchimo lake popanda womukoka lilime. Nedson ankainena nkhaniyi monyadira. "Mwaona, alamu? Kope silinama. Munthu wavomera ndi pakamwa pake." Kamwana kawo kanamwalira ndi chifuwa iwo asanabwezedwe, kosabatizidwa. Bokosi anakhoma Jeremiya yekha, ndipo kwaya sinapite. Chaka chitatha anawabweza, koma Jeremiya sanachokenso pa benchi ija. Ankati anaizolowera.

Za chibwenzi cha Nedson ndi mlongo wanga ndine mboni, ndipo ndinatopa nacho. Akabwera kudzacheza ankayamba wanditumizira mawu kuti ndikhalepo. Iye pampando uku, Zelesi pamphasa uko, ine pakati ngati chitsa cha m'malire. Tsiku lina tikuchokera kumsika ndinamuuza kuti amukweze mwana wamkazi panjinga, dzuwa lachuluka. Anakana, akuti pa mabampu Zelesi angamugwire m'chiuno. Tinayenda pansi tonse atatu, njinga ikuyenda yopanda munthu.

Ukwati unachitika Loweruka loyamba la Ogasiti mu 1978, anthu atangogulitsa fodya. Tsiku lomwelo, mpunga usanathe n'komwe m'mbale, Nedson anatulutsa kope m'thumba la jekete n'kudzilembamo yekha.

Zimene zinatsatira sindinaziyembekezere. Munthu uja anamukonda mlongo wanga mochititsa manyazi. Kudambo, pothirira nazale ya fodya, unkawamva uli patali akuimba, iye tena, Zelesi alito, zitini zikugundana. Ankamutungira madzi poyera, masana, amuna anzake akuona, mpaka kunamveka kuti anamudyetsa khuzumule. Zelesi ataima, mtima wake unkangofuna mango osapsa othira mchere, ndipo mtumiki wa Mulungu ankapezeka pamwamba pa mtengo, thalauza atapinda, akugwedeza nthambi. Mvula yoyamba itagwa anathamangitsana ndi ngumbi atanyamula beseni mpaka kugwera pachulu. Zelesi anaseka mpaka kukhala pansi. Ndivomere, ndinayamba kumukonda mlamu wangayo.

Kusikelo anapitako kamodzi kokha. Pachipata anapeza anyamata ogulitsa makhadi a chipani, ndipo anauzidwa kuti mayiyo afunika awiri, lake ndi la amene ali m'mimbayo. Nedson anayesa kufotokoza kuti munthuyo sanabadwe. Anamufunsa ngati akutsutsa. Masiku amenewo funso limenelo linalibe yankho labwino, choncho anatembenuza njinga n'kubwerera. Apa Zelesi anali atakwera, atamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri.

Mwezi wa Febuluwale unabwera ndi njala yake ya chaka ndi chaka. Nkhokwe inali mbee, ankadya kamodzi patsiku, maungu ndi nkhwani, ndipo Nedson anayamba kusala kudya pafupipafupi modabwitsa. Ankati ndi za uzimu. Ine ndinkaona kuti gawo lake likuthera m'mbale ya mkazi wake.

Kenaka fodya anapsa onse nthawi imodzi, monga amachitira akafuna kukuyesa. Linali Lachisanu pa 2 Malichi. Mawa lake linali tsiku lokumbukira ofera ufulu, limene munthu sankaloledwa kugwira khasu, kusinja, ngakhale kuseka mokweza. Mkuja lake linali Lamulungu, limene Nedson sakanathyola tsamba ngakhale mutamuloza ndi mfuti. Masiku awiri fodya wakupsa sadikira. Ndiye anaganiza zothyola zonse Lachisanu lomwelo, ndipo Zelesi anasenza mitolo kuchoka kumunda kupita kuchigafa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Matenda a uchembere anamuyamba Zelesi Loweruka dzuwa lili paliwombo. Ndinazungulira mudzi wonse kufuna ngolo, koma aliyense wa ng'ombe ankangoyang'ana pansi. Kumanga ng'ombe tsiku limenelo kunali kudziitanira mafunso, ndipo ena amene ankapita kukayankha mafunso sankabwerako msanga. Tinaitana mayi Anastasia, mzamba wa mudzi woyandikana nafe, Mkatolika wa kolona m'khosi. Mwana anabadwa wamkazi, kakang'ono kokwana m'chipewa cha bambo wake. Amayi amene analipo analuma milomo osaimba nthungululu, poti linali tsiku la chisoni.

Mayi Anastasia anatuluka n'kunena mosabisa. "Kamwanaka sikanakwane masiku. Mukakaika pamphasa mawa mukumba." Anakamangirira pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhungu, n'kumakadonthezera mkaka ndi kasupuni. Masabata asanu ndi limodzi Zelesi sanatuluke. Nedson ankathyola fodya yekha, kusoka yekha, kukweza mikangala ya fodyayo m'chigafa yekha, n'kubwera kudzaphika phala ndi kudonthezera mwana mkaka. Anaonda mpaka kolala ya malaya inkazungulira yokha. Mapemphero ake aatali aja anafupika, anatsala mawu atatu okha: "Ambuye, tisiyireni ameneyu."

Ndipo anawasiyira. Mwanayo anamutcha Malita. Anayamba kuyamwa ngati akubweza masiku amene anataya, masaya n'kutuluka, timikono n'kuchita mapindi. Pofika mu Meyi anthu ankadutsira dala pakhomopo kudzamunyamula. Bambo wake ankayenda naye pabwalo akumuonetsa nkhuku ndi kumuuza maina ake.

A Lazaro anabwera kumapeto kwa mwezi womwewo. Anamulandira mwana n'kumupima m'manja monga amachitira ogula fodya akafuna kudziwa kulemera kwa mtolo.

"Koma ndiye ndi chimwana," anatero. "Mulungu alemekezeke. A Kalekeni, kope lathu lija lili pafupi?"

Chibadwire Malita, Nedson anali asanalitsegule. Akanatha kunena kuti linadyedwa ndi chiswe, ndipo ine ndinali wokonzeka kulumbira kuti chiswecho ndinachiona. Koma analowa m'nyumba n'kulitenga. A Lazaro ananyowetsa chala, n'kupeza tsamba, n'kuyamba kupinda zala mokweza kuyambira Sepitembala. Pa Malichi anaima. Zinali zala zisanu ndi ziwiri, ndipo ngakhale chachisanu ndi chiwiricho chinali chopinda theka.

Bwalo la akulu linakhala Lachinayi masana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Abusa anali kumidzi ina, choncho wapampando anali a Lazaro. Ine ndinalowa ngati nkhoswe. Ndinayamba ndi kunena kuti mwanayo anabadwa wosakwana masiku, ndipo mzamba ali panja, akhoza kufotokoza.

"Mayi aja a kolona?" anafunsa a Lazaro. "Nkhani za mpingo uno sitifunsa kwa a mpingo wina. Khadi la kusikelo lilipo?"

Khadi kunalibe.

"Nanga mwana wosakwana masiku amanenepa chonchi? Taonani masayawo."

Apa ndinapsa mtima. Ndinati masayawo ndi thukuta la anthu awiriwa, ndipo kukanakhala kuti mwanayo anafa bwenzi mutakhulupirira. A Lazaro anandiuza kuti nkhoswe imalankhula ikafunsidwa. Kenaka anatembenukira kwa Nedson ndi mawu ofewa.

"A Kalekeni, tiuzeni pamaso pa Mulungu. Munawadziwa mayiwa ukwati usanadalitsidwe?"

"Ayi, bambo. Ngakhale dzanja. Alamu angawa ndi mboni."

"Takukhulupirirani," anatero a Lazaro, akuluakulu ena n'kugwedeza mitu. "Inu timakudziwani, simunama. Kope nalonso silinama, munatiphunzitsa ndinu. Ndiye funso latsala kwa mayiwa. Mwanayu ndi wa yani?"

Zelesi anakumbatira mwana wake, maso ali gwa pa mwamuna wake. A Lazaro anafotokoza bwinobwino, ngati akuwerenga malangizo a fetereza. Ngati anachimwa awiri, adulidwa awiri chaka chimodzi, ndipo mwana ndi wa a Kalekeni. Ngati bambo ndi oyera, bambo apitiriza utumiki wawo, mayi adulidwa okha pa mlandu wa chigololo, ndipo dzina lawo lidzawerengedwa pamaso pa mpingo wonse. Njira yachitatu panalibe. Anatipatsa sabata imodzi.

Chimene chinandinyansa m'sabata imeneyo ndi ichi. Loweruka ndinapita kukawathandiza kusankha fodya, ndipo ndinamupeza Nedson kuseri kwa chigafa akupinda zala. Munthu amene anaona ndi maso ake kamwana kokwana m'chipewa, amene anakadonthezera mkaka ndi supuni, anali akuwerengabe, milomo ikuyenda. Ndinafuna kumuponya chibuma. Koma Zelesi anali atamuona kale.

"Werengani bwino, abambo a Malita," anatero ali chiimire ndi mwana kumsana. "Zala zanu zikaperewera ndikubwerekani za kumapazi."

"Sindikukukayikira, Zelesi. Kungoti..."

"Kungoti chiyani?" Anamasula mwana n'kumuika m'manja mwake momwe munali zala zopinda zija. "Taonani makutuwo. Ku Wimbe kuno alipo wina wa makutu oimirira chonchi kupatula inu ndi amayi anu? Ine sindikupemphani kuti mundiombole. Mitolo ndinasenza ndine, ululu ndinamva ndine, manyaziwo ndisenzanso. Ndingofuna kudziwa ngati ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi kope."

Analowa m'nyumba. Nedson anatsala ndi mwana, yemwe anamugwira chala n'kuyamba kuchiyamwa.

"Alamu," anatero, "bodza ndi tchimo."

"Ndi tchimo ndithu," ndinayankha. "Nenani zoona, mukhale woyera. Muziyendetsa mbale kutsogolo, mkazi wanu ali pakhomo paja yekha, amayi a Chigwirizano akumuloza ndi milomo."

Lachinayi lotsatira tinabwereranso m'kachipinda kaja. Nedson anavala jekete ya ukwati. Asanafunsidwe n'komwe anaimirira, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti sabata yatha anawanamiza akulu. Anati anachimwa ndi Zelesi ukwati usanachitike, ndipo anayambitsa ndi iye.

Munthu amene sananamepo ndi womvetsa chisoni akayamba. A Lazaro, amene nkhani zotere sazimvera pamwamba, anafuna kudziwa kuti zinachitika liti.

"Mu Juni, bambo."

"Kuti?"

Nedson anayang'ana kudenga, kenaka kwa ine. "M'munda wa chinangwa wa alamu angawa."

Ine chibadwire sindinadzalepo chinangwa. Mudzi wonse ukudziwa kuti munda wanga ndi wa mtedza, ndipo mu mtedza simungabisale ngakhale nkhuku. Koma a Lazaro anali atandiyang'ana kale, choncho ndinati inde, chaka chimenecho ndinayesako mizere ingapo kumunsi, mbuzi zinadya. Anandifunsa kuti nanga ine mboni ndinali kuti. Ndinati ndinapita kukamwa madzi. Anandidula miyezi itatu chifukwa chosiya nkhosa zopanda mbusa.

Atamufunsa Zelesi ngati akuvomereza, iye anati, "Zimene anena amuna anga ndazimva." Anayesa kumufunsa mwa njira zitatu, yankho linali lomwelo. Mwa ife tonse atatu, amene anatuluka m'chipindamo wosanama anali iye yekha. Panjira, titafika pa mtsinje, Zelesi anamulanda Nedson jekete n'kuinyamula yekha kuti isadetsedwe.

Mbiri inatitsogolera kumudzi. Chodabwitsa n'chakuti ulemu wa Nedson pakati pa amuna unakwera. Omwe aja ankamuseka za khuzumule tsopano ankamupatsa moni wa manja awiri. "Kani Abusa Opanda Kolala ndi tonde wobisa fungo!" Wina anabwera kwa ine kudzafunsa mbewu ya chinangwa. Nedson ankayenda chozolika, ndipo ndinaona kuti kuyamikiridwako kunkamupweteka kuposa kudulidwa. Kope lija a Lazaro sanabweze. Anati ntchito yabwino isafe chifukwa cha kugwa kwa munthu mmodzi.

Lamulungu maina athu anawerengedwa pambuyo pa zolengeza za thumba la denga. Unali mwezi wa Juni, mphepo ya chisanu ikuchita kulowa m'mafupa. Tinanyamuka kutsogolo kumene Nedson ankakhala zaka zonsezi n'kuyenda pakati pa mabenchi mpaka kumbuyo, makosi a anthu akutembenuka nafe. Pa benchi ija panali Jeremiya ndi Lusiya. Jeremiya anasendera osatiyang'ana. Nedson anakhala pambali pake, kenaka Zelesi ndi mwana, ine kumapeto.

Nyimbo yoyamba itayamba, Jeremiya anaweramira kwa Nedson. Sanakweze mawu, koma pa benchi yaifupi choncho ndinamva zonse.

"Akuti mwanena m'munda wa chinangwa?"

Nedson anagwedeza mutu mwamanyazi.

"Ine ndinati kudimba."

Nedson anamuyang'ana, osamvetsa.

"Lusiya anagwa ndi mtolo wa nkhuni," anatero Jeremiya, maso ali kutsogolo. "Miyezi isanu ndi iwiri ndi sabata imodzi, munawerenga bwino. Ndinamukhudza koyamba tsiku la ukwati, monga inuyo. Anandipatsa njira ziwiri zomwezo."

Lusiya sanatembenuke, ankangoyang'ana timapazi ta Malita timene tinatulukira kunsi kwa nsalu.

"Mufunditseni mwanayo," anatero Jeremiya. "Pakhomo pano pamalowa mphepo. Wathu uja chifuwa anachitengera pompano."

Nedson anavula jekete yake ya ukwati n'kumukulunga Malita. Kenaka ananyamuka n'kukaima pakhomo penipeni, msana atalozetsa kunja, malaya okhaokha. Mtumiki watsopano anabwera kudzamunong'oneza kuti odulidwa amakhala pansi. Nedson sanasunthe. Anaima pomwepo mpaka mapemphero kutha, ndipo nyimbo zonse za tsiku limenelo zinaimbidwa popanda tena.